Chipinda cha Blessed

Achimwene anga a Enock tinawaika m'manda Loweruka, ndipo patatha milungu iwiri ndinabwerera ku ntchito. Ndimajambula mapulani a nyumba pa kaofesi kena ka anthu atatu pa Dowa boma. Timajambula midadada ya sukulu, matchalitchi, timagolosale ta ku Dzaleka, komanso nyumba za anthu amene ali ku Joni koma mtima uli pomanga kumudzi. Abwana anati ndikhoza kupumulabe mlungu wina. Ndinawayankha kuti kunyumba kulibe chochita.

Pamaliro sindinalire. Bokosi linayenda masiku anayi pamsewu kuchokera ku Joni, ndipo amene anakalilandira ku chipata cha Dedza n'kusaina mapepala ake ndinali ine. Kumanda anthu ankandiyang'ana, ena n'kumanong'onezana kuti mlongo wa malemu ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Ndinali ngati mwendo umene wachita dzanzi chifukwa choukhalira nthawi yaitali, woti ngakhale uutsine sumva kanthu. Akandipatsa chakudya ndinkadya, akandipatsa moni ndinkayankha.

Ku Joni achimwene ankawotcherera zitsulo. Zaka ziwiri m'mbuyomo anagula puloti kuseri kwa msika wa Kasakula, pamalo otsetsereka oyang'ana kuchigwa, ndipo pulani ya nyumbayo ndinajambula ndine. Ankaimba foni Lamulungu masana. "Peggy, khonde ulikulitse, ndizidzakhalapo ndikakalamba." Mlungu winawo ankati, "Peggy, galaja ikhalepo, galimoto idzapezeka." Ine ndinkangosintha. Maziko a nyumba yonse anamangidwa chaka chatha, njerwa zinawotchedwa, malata ena anagulidwa n'kusungidwa. Kenaka achimwene anadwala masiku asanu okha.

Lachitatu la mlungu umene ndinabwererawo, cha m'ma teni koloko, ndinamva njinga yamoto ikuima panja. Analowa alamu anga a Falesi, mkazi wa achimwene, atavala zakuda, fumbi lofiira la m'mapiri litawafika mpaka m'nsidze.

"Alamu, mwabwera osaimba?"

"Ndinangoti ndikupezani."

Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Anamwa theka, kapu n'kuigwirira pamwendo.

"Andituma a Aroni," anatero. A Aroni ndi mmisiri amene ankamanga nyumbayo. "Akuti njerwa zilipozo ndi malata alipowo sizikwana nyumba yonse. Akuti muidule, kuti afolere mvula isanagwe. Kwa amayi tapanikizana. Talandira akugona kukhitchini."

Talandira ndi mwana wawo woyamba, wa zaka khumi ndi ziwiri. Wachiwiri ndi Susana, wa zaka zisanu ndi zitatu.

Ndinakokera mpando wawo pafupi ndi kompyuta, n'kutsegula nyumbayo. Inatuluka yathunthu, denga lobiriwira, khonde lalitali, galaja chitseko chili chotseka. Ndinaizunguza ndi mawusi kuti aione ndi kumbuyo komwe. Alamu anali asanaionepo motero. Ankangodziwa ya papepala, imene a Aroni ankayenda nayo m'thumba la ovolosi.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Ndi yaikuludi."

Mu pulogalamu imene timagwiritsa ntchito, nyumba siikhala mizere chabe. Khoma lililonse limakhala ndi mbiri yake mkati: kutalika kwake, njerwa zimene lidzadye, tsiku limene linajambulidwa. Pamwamba pali kabokosi kofufuzira. Ukalembamo liwu, kamakubweretsera chida chimene ukufuna, kaya chojambulira khoma kaya choyezera, komanso kamakuonetsa chilichonse cha m'nyumbamo chimene chili ndi dzina limenelo. Kale ndinkataya nthawi kusaka zida chimodzichimodzi. Masiku ano zala zimangopita zokha m'kabokosimo, mutu usanaganize n'komwe.

"Tiyambe taona zipinda zimene zilipo, kenaka musankhe zochotsa," ndinatero.

Ndinalemba kuti chipinda. Mndandanda unatsika. Alamu anayandikira, n'kuika chala pagalasi, akuwerenga mokweza pang'onopang'ono monga amawerengera vesi ku chigwirizano cha amayi.

"Chipinda cha Enock ndi Falesi. Chipinda cha Talandira. Chipinda cha Susana. Chipinda chochezera. Chipinda chodyera." Chala chinatsika pamzere wotsiriza. "Chipinda cha Blessed."

Anawerenganso chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Dzina limenelo ndinali nditaliiwala kuti lilimo. Chaka chatha achimwene anaimba foni n'kunena kuti pali nkhani. Anati ndiwonjezere chipinda chimodzi pafupi ndi cha Susana, ndipo anandiuza mwini wake. Ndinalemba dzinalo iwo akulankhula, foni ndili nditaipana ndi phewa. "Alamu ako ndidzawauza ndekha ndikabwera pa Khirisimasi," anatero. Pa Khirisimasi anabweradi, anakhala milungu itatu, anabwerera osanena. Papepala limene ndinasindikizira a Aroni ndinaphimba dzinalo ndi mawu oti Chipinda cha alendo. Koma mkati mwa pulogalamu linakhalabe mmene ndinalilembera tsiku loyamba.

"Blessed ndi ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi dzina la kasitomala wina limene linalowa molakwika. Bodza limenelo linabwera ndithu m'mutu mwanga, koma ndinalibe mphamvu yolinyamula mpaka pakamwa. Mantha sindinamve, manyazi sindinamve.

"Ndi mwana wa achimwene. Ali ku Joni. Ndi wamkazi, anakwanitsa zaka zitatu mu Meyi."

Alamu anachotsa chala pagalasi. Panatsala kachizindikiro ka fumbi.

"Mayi ake?"

"Dzina lawo ndi a Luckness. Kwawo ndi ku Mzimba."

"Kumaliro anabwera?"

"Ayi. Anaperekeza bokosi mpaka pamene galimoto inanyamukira."

"Inu munadziwa liti?"

Tsikulo sindinkalikumbukira. Ndinadina pa dzinalo, mbiri ya chipindacho inatseguka pambali, ndipo ndinawawerengera. "Pa 9 Julayi, chaka chatha."

Anawerenga miyezi ndi zala pa chitenje.

"Mwezi umene ndinkatuta mchenga kumtsinje," anatero. Sanakweze mawu. "Ngolo inkalephera kutsika pa chitunda paja. A Aroni anati maziko awonjezeka, mchenga waperewera. Ndinatuta masiku asanu ndi anayi ndi ndowa."

Panja wina ankaitanira malonda a nthochi. Mnzanga wa desiki linalo anadzuka, n'kunena kuti akupita kukagula mapepala, ngakhale mapepala anali odzaza kabati.

"Ndi chachikulu bwanji?" anafunsa alamu.

"Mamita atatu mbali zonse. Chimodzimodzi ndi cha Susana."

"Chili ndi windo?"

"Imodzi. Yoyang'ana kuchigwa."

Anamwa madzi otsala aja, kapu n'kuiika pansi pa mpando.

"Tiyeni tiyambe," anatero.

Tinayamba ndi galaja. Ndinalemba dzina lake m'kabokosi, inawala yonse, ndinaifufuta. Tinachotsa chipinda chodyera. Tinachotsa bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba, alamu anati adzakumba panja ngati anthu onse. Khonde anati ndilidule litsale loti n'kuikapo mpando umodzi ndi mtondo. Tikachotsa chinthu, ndinkaitana chida chowerengera njerwa, n'kuwauza pamene tafika. A Aroni anali atawalembera pa kapepala kuti pa puloti pali njerwa 24,000. Titachotsa zonsezo, nyumba inkafunabe zina zoposa pamenepo. Panafunika kuchoka chipinda chimodzi chogona.

Ndinadikira. Alamu ankayang'ana nyumbayo, imene tsopano inali itafupika mbali imodzi ngati malaya odulidwa mkono.

"Tikaonere pamalo pomwepo," anatero. "Mubwere Loweruka."

Ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya njinga zamoto. Atakwera anakonza chitenje, n'kuuza woyendetsa kuti asathamange. Ndinabwerera ku ofesi, ndinatsegula pulani ya tchalitchi china cha ku Msakambewa, ndipo ndinajambula mawindo khumi ndi awiri mpaka nthawi yoweruka.

Loweruka ndinanyamula laputopu m'chikwama n'kukwera njinga yamoto. Unali Okutobala, mapiri ali gwaa, ena atapsa ndi moto wa osaka mbewa. M'minda anthu anali atayamba kugalauza mizere, ndipo m'madimba ena ankathirira nazale za fodya. Pokwera zitunda injini inkalira ngati ikufuna kuthima. Ndinafika pa Kasakula dzuwa litakwera.

A Aroni ndinawapeza atakhala pa mulu wa njerwa, pensulo ili kukhutu. Alamu anali ataima patali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango umene achimwene anakana kuti udulidwe. Maziko anali mmene anawasiyira chaka chatha. M'zipinda munamera chisoso chimene chinali chitauma, ndipo mbuzi za eni ake zinali zitapanga njira kudutsa pabalaza.

"Pepani ndi zovutazi, achemwali," anatero a Aroni. Kenaka anatulutsa pepala lawo lopindapinda, loderako m'makona. "Ine ndaganiza chonchi. Tichotse chipinda cha alendochi. Alendo adzagona pabalaza. Kungoti chili pakati, ndiye denga livuta pang'ono, koma tikhoza kulipinda."

"Nanga tikachotsa chachikulucho?" anafunsa alamu.

"Chanu chija? Chimenecho ndiye chosavuta, chili kumapeto. Khoma limodzi basi, denga liyenda molunjika, malata akwana osadula. Koma mayi, mugona kuti?"

Alamu anayenda pamwamba pa maziko, mapazi akutsata njerwa ngati mwana wosewera. Anadutsa cha Talandira, anadutsa cha Susana, n'kutsikira m'chipinda chotsatira. Anaima pakati pake. Chisoso chinawamata pa chitenje chakuda. Anayang'ana kuchigwa, kumene windo ikanakhala. Kumunsi kunkaoneka mtsinje, utatsala kamzere ka mchenga woyera, ndi kanjira kokwera chitunda.

Ine ndinakhala pa njerwa, laputopu ili pamiyendo, ndikutchinga dzuwa ndi mpango kuti ndione pagalasi.

"Chachikulucho chotsani," anatero alamu. "Ndigona muno."

A Aroni anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pepala. "Muchepa, mayi. Bedi ndi kabati basi."

"Ndili ndekha. Mchenga wake ndinatuta ndine."

A Aroni sanamvetse, koma anagwedeza mutu. Anatenga tepi n'kupita kukayeza pamene khoma latsopano lidzathere.

Ndinalemba kuti Enock m'kabokosi. Chipinda chachikulu chinawala. Nditadina kuti chichoke, pulogalamu inafunsa ngati ndichotsenso chitseko ndi mawindo awiri amene anali pa makoma ake. Ndinavomera. Kenaka ndinaitana chida cha denga, ndinakoka denga kuti lithere pa khoma latsopano, n'kuwerengetsa njerwa. Zinakwana, zina mazana angapo n'kutsala.

Alamu anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Mthunzi wawo unandithandiza kuona bwino.

"Dzina lija likadalipo?"

"Lilipo."

"Lembani langa."

Ndinafufuta Blessed, n'kulemba Falesi. Anawerenga, kenaka anayamba kuchotsa chisoso pa chitenje, kamodzikamodzi.

"Munkadya kwathu pa Khirisimasi," anatero, maso ali pa chitenje. "Munkandithandiza kusenda mbatata."

"Eya."

"Mukudziwa."

"Eya, alamu."

Ndinayembekeza kuti anena zina. Mwina ndinkafuna kuti anditukwane pamaso pa a Aroni, kuti mwina chinachake chingagwedezeke mkati mwanga. Koma anangoti, "Pepala latsopano mutumize Lolemba," n'kupita kukathandiza kugwira tepi.

Makoma anakwera msanga. Azichimwene awo a alamu anabwera kudzathandiza kuponda dothi ndi kutunga madzi. Ine ndinkalandira foni kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo zonse zinali za nyumba. Mafelemu a mawindo akhale otalika bwanji. Mitengo ya denga ifunika ingati. Ndinkatsegula pulani, kulemba liwu m'kabokosi, kuwawerengera yankho. Akamva ankati zikomo, n'kudula. Za ana ndinkamva kwa a Aroni. Anafolera pakati pa Novembala, ndipo mvula yoyamba inagwa patatha masiku anayi, pansi pasanaikidwe simenti.

Mlungu womwewo, nthawi ya nkhomaliro, inalowa foni ya nambala ya ku Joni. Anali a Luckness. Tinali titalankhulanapo kawiri kokha, tsiku limene achimwene anagonekedwa m'chipatala ndi tsiku limene anamwalira. Anati asonkhanitsa zovala za malemu ndi zida zawo zina, ndipo akufuna kuzitumiza ndi a transipoti. Anafunsa kuti pa chikwama alembepo dzina la ndani.

"Lembani langa. Ndikazipereka ndine."

"Nyumba ija anamanga?"

"Anamanga, koma tinaichepetsa." Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine. "Chipinda cha Blessed chilipo, koma mukugona alamu."

"Chipinda chanji?"

"Chimene achimwene anandiuza kuti ndiwonjezere. Cha mwanayo."

Chapatali ndinkamva wailesi, ndi mawu a mwana akupempha chinachake m'chilankhulo chosakaniza.

"Sanandiuzepo," anatero a Luckness. "Ankati nyumbayo ndi ya ana a kumudzi. Ankati ife tidzaona zathu konkuno. Ndiye ankafuna kudzamusiya kumeneko? Kundilanda?"

"Sindikudziwa."

"Inu simunawafunse?"

"Sindinafunse. Ndinangojambula."

Kenaka anati chikwama chinyamuka Lachisanu, ndipo anditumizira nambala ya dalaivala. Madzulo ake anatumizadi nambalayo, pamodzi ndi chithunzi cha mwana ataima pafupi ndi geti, atavala juzi yofiira yomukulira. Sanalembepo mawu alionse.

Chikwama ndinakachitenga ku Lilongwe, ndipo Loweruka lotsatira ndinapita nacho ku Kasakula. Msewu unali woterera, malo awiri tinatsika n'kukankha njinga. Nyumba ndinaipeza ilibe pulasitala, mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Maziko a galaja ndi a chipinda chachikulu anali panja, madzi atadikha mkati. Alamu anali pa kakhonde kaja, akusankha mbewu ya mtedza m'lichero. Ana anali kumunda ndi agogo awo.

Anatsegula chikwama pomwepo. Anatulutsa malaya, mabuluku, jekete lachikopa, nsapato za ntchito, chigoba chotchingira maso powotcherera. Chilichonse ankachikutumula, kuchipinda, n'kuchiika pa mphasa. Jekete anati lidikira Talandira akule. Nsapato anati apatsa a Aroni.

"Mayi aja anapinda bwino," anatero. "Anachapanso."

"Eya."

"Munalankhula nawo?"

Ndinawauza zonse, kuti za chipindacho a Luckness sankadziwa. Alamu anamvetsera manja ali pa jekete. Sanaseke, sanadandaule.

"Ndiye anatibisira tonse," anatero.

Anabwerera ku lichero lawo. Ndinakhala pa mtondo wogonekedwa n'kuyamba kuwathandiza kusankha, wofota kumanzere, wabwino kumanja. Mitambo inkasonkhana cha kumapiri a Ntchisi, ndipo woyendetsa njinga anali atandichenjeza kuti tisachedwe.

"Chithunzi cha mwanayo muli nacho?" anafunsa.

Ndinatulutsa foni, ndinachipeza, n'kuwapatsa. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuitalikitsa pang'ono ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Makutuwa ndi a Susana," anatero.

Anandibwezera foni, n'kukokera lichero pakati pathu kuti nanenso ndizifikira bwino. Tinasankha mtedzawo mpaka unatha, kenaka ndinatsanzika.